Mtima Wabwino ndi Buku la Ndalama: Kodi Ochita Bizinesi Yothandiza Anthu Aziphunzira Chiyani?

Pakati pa 2005 ndi 2010, pa sukulu ndi m'midzi ina ya ku South Africa, Mozambique, Zambia ndi kuno ku Malawi panafika mjigo wachilendo wotchedwa PlayPump. Unalibe mkono wopopera. M'malo mwake panali chitsulo chachikulu chozungulira, choti ana akakwerapo n'kumachizunguza posewera, madzi ankakwera kuchokera pansi n'kukalowa m'thanki imene inali pamwamba. M'mbali mwa thankiyo munali malo omatapo zikwangwani zotsatsa malonda, ndipo ndalama za zikwangwanizo ndi zimene zinkayenera kukonzera mjigowo ukawonongeka. Aliyense womva nkhaniyi ankaikonda. Mu 2006 boma la America ndi mabungwe ena analonjeza ndalama zoposa madola 16 miliyoni kuti mijigo yotere ifalikire mu Africa.

Zimene zinkachitika pamjigopo zinali zina. Madzi amafunika kwambiri m'mamawa ndi madzulo, nthawi imene ana sakhala akusewera. Amayi, ena okalamba, ena oyembekezera, ndi amene ankakankha chitsulo cholemeracho kuti ndowa idzaze. Kumudzi kulibe makampani olimbirana malo a chikwangwani, choncho ndalama yokonzera sinkapezeka. Mjigo wamba wopopa ndi mkono, wa Afridev, ukafa, a komiti amadziwa kuumasula n'kusintha mphira. Wa PlayPump ukafa unkadikira amisiri ochokera kutali. Mtengo wake unali pafupifupi madola 14,000, kuwirikiza kangapo mjigo wamba, ndipo m'malo ena anachita kuzula mjigo wabwinobwino kuti aikepo watsopanowu. Pofika 2010 ntchitoyi inali itazilala.

Anthu amene anabweretsa PlayPump sanali akuba, ndipo ndikukhulupirira kuti ankafunadi kuti ana amwe madzi abwino. Chimene chinasokoneza n'chakuti amene ankapereka ndalama sankatunga madziwo, ndipo amene ankatunga madziwo sanafunsidwe. Mayi wogulitsa tomato pa Lizulu akaoda tomato woipa amadziwa tsiku lomwelo, chifukwa ogula amangodutsa. Koma ukamapereka chinthu kwa osauka ndi ndalama ya munthu wina, utha kukhala zaka zitatu anthu akukuombera m'manja, osadziwa kuti chinthu chakocho chikuzunza amene umati ukuwathandiza. Paja safunsa anadya phula, ndipo chopweteka apa n'chakuti amene anadya phulalo si amene analephera kufunsa.

Maphunziro amene tikukambirana pano, a ochita bizinesi yothandiza anthu, anabwera kudzalimbana ndi mavuto ngati amenewa. Pa Chingerezi bizinesi yotere amati social enterprise. Imagulitsa katundu kapena ntchito, n'kumayenda ndi ndalama ya m'malondamo, koma cholinga chake chachikulu n'kuchotsa vuto linalake pakati pa anthu: kusowa madzi, utsi wa m'khitchini, mdima wa usiku, mbewu zoola zisanafike pamsika. Imasiyana ndi bungwe lomwe si laboma chifukwa siyembekezera thandizo chaka ndi chaka. Imasiyananso ndi golosale chifukwa mwiniwake sanganene kuti zayenda pongoona kuti ndalama yachuluka. Ali ndi mabuku awiri, la ndalama ndi la anthu amene moyo wawo wasintha. Loyamba likauma, bizinesi imagwa ndipo thandizo lathera pompo. Lachiwiri likauma, wangokhala wamalonda ngati wina aliyense, zomwe si tchimo, koma si zimene analonjeza.

Ambiri amene amalowa mu ntchitoyi sachokera ku malonda. Ndi anamwino, aphunzitsi, alangizi a zaulimi, achinyamata a kumpingo, anthu amene aona vuto ndi maso mpaka kutopa nalo. Vutolo amalidziwa kuposa aliyense. Chimene sadziwa ndi kuika mtengo, kulemba munthu ntchito, kumuchotsa akamalephera, kukana kukongoza. Ndipo ambiri amachita manyazi ndi mawu akuti phindu, ngati kuti kupeza phindu pa munthu wosauka n'kumubera.

Kuchokera ku Jobra mpaka m'kalasi

Mu 1976 Muhammad Yunus, mphunzitsi wa zachuma pa yunivesite ya Chittagong ku Bangladesh, anayamba kuyendera mudzi woyandikana ndi sukuluyo wotchedwa Jobra. Anapeza amayi oluka mipando ya nsungwi akukongola ndalama yogulira nsungwizo kwa amalonda, amene pambuyo pake ankagula mipandoyo pa mtengo umene iwo afuna. Anawerenga anthu 42 amene onse pamodzi ankasowa madola 27 okha kuti achoke m'manja mwa akatapilawo. Anawabwereka ya m'thumba mwake, iwo n'kubweza. Mu 1983 ntchitoyo inasanduka Grameen Bank, ndipo mu 2006 Yunus ndi bankiyo analandira mphotho ya Nobel ya mtendere. Munthu ameneyu anali kale katswiri wophunzitsa zachuma, koma nzeru imene inatchukitsa dzina lake anakaitola pakhomo pa amayi oluka mipando.

Mu 1980 Bill Drayton wa ku America anayambitsa bungwe la Ashoka, lofufuza anthu a maganizo otere n'kuwapatsa ndalama yoti azidyera pamene akukulitsa ntchito zawo, kuyambira ku India. Sukulu zikuluzikulu za bizinesi zinatsatira pambuyo. Harvard inatsegula nthambi ya zimenezi mu 1993, Oxford mu 2003 ndi ndalama za Jeff Skoll, amene analemera ndi kampani ya eBay. Komatu sukulu zimenezi zili kutali, fizi yake ndi yoti munthu wa ku Ntchisi kapena ku Petauke sangailote, ndipo zitsanzo zake zambiri n'za makampani amene magetsi sawazimira.

N'chifukwa chake maphunzirowa anayamba kusendera kumene kuli mavutowo. Yunivesite ya Santa Clara ku California, kuyambira 2003, imalumikiza ochita bizinesi zotere a m'maiko osauka ndi akatswiri a makampani a zamakono a m'dera la Silicon Valley komweko kuti aziwalangiza. Yunivesite ya Cape Town inatsegula nthambi ya zimenezi yotchedwa Bertha Centre mu 2011. Yunivesite ya Chikatolika ya ku Milan, kudzera mu ntchito yake yotchedwa E4Impact, inayamba kupereka digiri ya ukadaulo pa bizinesi ya MBA pamodzi ndi koleji ya Tangaza ku Nairobi, kenako ndi mayunivesite a m'maiko ena a mu Africa. Wophunzira amalowa ndi bizinesi yake kapena ganizo lake, ndipo chimene waphunzira sabata ino amakachiyesa pa bizinesiyo. Mu 2015 Tony Elumelu wa ku Nigeria analonjeza madola 100 miliyoni oti pa zaka 10 aphunzitse ndi kupatsa mpamba achinyamata 10,000 a mu Africa yense, aliyense madola 5,000. Pansi pa zonsezi pali maphunziro akale amene samveka kwambiri, a bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, otchedwa Start and Improve Your Business, amene anayamba m'zaka za m'ma 1970 ndipo afika m'maiko oposa 100. Kuno kwathu mabungwe monga SMEDI ndi TEVETA akhala akuphunzitsa amalonda ang'onoang'ono kwa zaka zambiri.

Alipira ndani?

Funso loyamba m'maphunziro abwino limakhala limeneli, chifukwa m'bizinesi yothandiza anthu, wothandizidwa si nthawi zonse amene angakwanitse mtengo wonse. Chitsanzo chimene aphunzitsi ambiri amakonda ndi chipatala cha maso cha Aravind ku Madurai, m'dziko la India. Dokotala Govindappa Venkataswamy anachitsegula mu 1976 atapuma pa ntchito ya boma, chili ndi mabedi 11. Wodwala ng'ala amasankha yekha kulipira kapena ayi. Wolipira amagona m'chipinda chabwinopo, koma madokotala ochita opaleshoni ndi omwewo. Pafupifupi theka la odwala amathandizidwa ulere kapena pa mtengo wotsika kwambiri, chonsecho chipatalacho chimadziyendetsa chokha. Chinsinsi chake si chifundo chokha. Anakonza ntchito moti dokotala amangochita chokhacho chimene wina aliyense sangachite, anamwino n'kukhala atakonzeratu wodwala wotsatira pa bedi lapambali. Ataona kuti timagalasi toika m'diso tochokera kunja n'todula, mu 1992 anatsegula fakitale yawoyawo yotchedwa Aurolab. Kutsitsa mtengo wa opaleshoni imodzi ndi kumene kunatsegulira osauka khomo.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amatuluka thukuta, pa kuwerengera chimene chinthu chimodzi chimadya chisanafike m'manja mwa wogula. Tiyerekeze achinyamata amene akuumba mbaula zadothi zosatha nkhuni. Manambalawa ndi ongoyerekeza. Dongo, nkhuni zootchera ndi aganyu zikudya K2,000 pa mbaula imodzi, iwo akugulitsa K3,000, ndipo m'mitima mwawo akuti akupindula K1,000. Tsono pa mbaula 10 zilizonse, ziwiri zimasweka pootcha kapena panjira. Ndiye kuti K20,000 yathera pa mbaula 8 zokha, iliyonse K2,500. Wanjinga wokasiya ku msika akulandira K300 pa mbaula. Mayi wogulitsa akutapapo K300 yake. Mbaula ya K3,000 ija yadya K3,100, ndipo eniake sanadzilipire kalikonse pa masiku onse amene akhala akuponda dongo.

Gulu lotere likaona kuti ndalama sikuoneka, nzeru imene imabwera msanga ndi yoti tiumbe zambiri, tifike midzi yambiri, tithandize anthu ambiri. Opereka thandizo nawonso amakonda kumva zimenezo. Koma ngati mbaula iliyonse ikuluza K100, mbaula 1,000 zikuluza K100,000. Kukula kumangofulumizitsa imfa. Chofunika n'kukhala pansi n'kusankha: kukonza uvuni kuti zosweka zichepe, kukweza mtengo n'kuvomereza kuti ena osaukitsitsa atsala, kapena kupeza wachitatu wolipirako, monga makampani akunja amene amapereka ndalama chifukwa cha utsi umene mbaula zotere zimapewetsa. Njira iliyonse ili ndi zowawa zake, ndipo yachiwiriyo imapweteka mtima wa munthu amene anayamba zonsezi chifukwa cha agogo amene amatsokomola ndi utsi. Mphunzitsi wabwino sawasankhira. Amaonetsetsa kuti asankha akuona manambala.

Chinanso ndi nthawi imene ndalama imabwera. Wosauka nthawi zambiri sakana mtengo, amakana kuulipira wonse lero. Andrew Youn, ali wophunzira pa sukulu ya bizinesi ya Kellogg ku America, anayamba One Acre Fund mu 2006 ndi mabanja pafupifupi 40 ku Bungoma, kumadzulo kwa Kenya. Mlimi amalandira mbewu ndi feteleza pangongole, pafupi ndi kwawo, mvula isanagwe, n'kumabweza pang'onopang'ono pamene wapeza. Bungweli linafika ndi kuno ku Malawi. Kampani ya M-KOPA ku Kenya inachita zofanana ndi magetsi a sola: munthu amatenga chipangizo n'kumalipira pafoni kandalama kangati kamene akanagulira parafini tsiku limenelo. Koma wokongoza aliyense ayenera kudziwa kumene atenge ndalama yoodera katundu wina pamene ya katundu woyamba idakali m'matumba a anthu. Mabizinesi ambiri amafa m'buku muli phindu, m'thumba mulibe kanthu.

Buku lachiwiri lija nalonso limafuna kuphunzira. Kuwerenga mbaula zogulitsidwa n'kosavuta. Kudziwa ngati zikuphikidwira, kapena zangosanduka pokhalira nkhuku pamene mafuwa akuyakabe, kumafuna kubwerera pakhomo patapita miyezi isanu ndi umodzi. Ndipo pamene bizinesi yayamba kuyenda, pamabwera yesero lina. Banki ya Compartamos ku Mexico inayamba ngati bungwe lokongoza amayi osauka. Mu 2007 inagulitsa masheya pa msika, eniake n'kupeza chuma chochuluka, uku amayi aja akulipira chiwongoladzanja choposa 80 pa 100 alionse pachaka. Yunus anadzudzula zimenezi poyera. A bankiyo ankayankha kuti phindulo ndi limene linawathandiza kufikira anthu ambiri. Mkanganowu sunathe mpaka lero, ndipo aliyense wolandira ndalama ya anthu ofuna phindu adzakumana nawo pa tebulo lake. Walira mvula walira matope.

Kodi maphunzirowa amathandizadi?

Kwa zaka zambiri yankho linkachokera kwa ophunzitsa eniake, amene ankawerenga anthu olandira satifiketi. Kenako akatswiri a zachuma anayamba kuyesa ngati mmene amayesera mankhwala: kuchita maere, gulu lina liphunzire, lina lisaphunzire, n'kudzayerekeza phindu lawo patapita chaka kapena ziwiri. Kafukufuku wotere wachitika makamaka pa ochita geni ndi mabizinesi ang'onoang'ono wamba, koma zimene wapeza zikukhudza aliyense wophunzitsa bizinesi kwa munthu wa mpamba wochepa.

Zotsatira zoyamba zinali zokhumudwitsa. Ku Peru, amayi okongola ku FINCA amene anaphunzitsidwa anadziwadi zambiri, koma phindu lawo silinasinthe moonekera. David McKenzie wa ku World Bank, ataphatikiza kafukufuku wa m'maiko ambiri, anapeza kuti maphunziro a m'kalasi amakweza malonda ndi phindu ndi 5 mpaka 10 pa 100 alionse. Si zachabe, koma si zimene zimalonjezedwa pa mwambo wotsegulira.

Chochititsa chidwi n'chakuti maphunziro ena amaposa anzawo kutali, ndipo si aja ooneka apamwamba. Ku Dominican Republic, gulu lina linaphunzitsidwa kusunga mabuku motsatira malamulo a akauntanti. Lina linangopatsidwa malangizo ochepa: ndalama ya bizinesi ndi ya pakhomo zizikhala m'malo awiri osiyana, uzidzilipira malipiro okhazikika, ndipo ukatapa ya bizinesi ulembe n'kubweza pasanathe sabata. Malangizo ochepawo ndi amene anasintha zochita za anthu, makamaka aja amene sukulu sanapite nayo patali.

Kafukufuku amene ine ndimamuona wofunika kwambiri anachitikira ku Lomé, likulu la dziko la Togo, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2017. Eni mabizinesi ang'onoang'ono 1,500 anagawidwa m'magulu atatu. Loyamba silinaphunzire. Lachiwiri linaphunzira za nthawi zonse: mabuku a ndalama, kutsatsa malonda, kuyang'anira antchito. Lachitatu linalandira maphunziro opangidwa ndi Michael Frese wa ku Germany, katswiri wa kaganizidwe ka anthu, olimbikitsa munthu kuyamba yekha chinthu osadikira kuuzidwa. Magulu awiriwo anakhala m'kalasi maola ofanana, 36, kenako aphunzitsi ankawayendera pa malo awo a malonda kamodzi pamwezi kwa miyezi inayi. M'gulu lachitatu ankafunsidwa mafunso ngati awa: dzulo unachita chiyani pa bizinesi yako chimene sunauzidwe ndi munthu? Ndi chiyani chimene ungagulitse chosiyana ndi cha oyandikana nawe? Chimene chingakugwetse mwezi wamawa n'chiyani, ndipo wakonzekera bwanji? Walephera, waphunzirapo chiyani? Patapita zaka ziwiri, phindu la gulu lachitatu linali litakwera ndi 30 pa 100 alionse. La gulu lachiwiri linakwera ndi 11, kochepa moti ofufuzawo sanathe kutsimikiza kuti si mwayi chabe.

Aliyense amene anayendapo mumsika wa Limbe kapena wa Chipata akudziwa chifukwa chake. Mzere wonse ukugulitsa chinthu chimodzi, pa mtengo umodzi, chooda kwa munthu mmodzi. Kulemba bwino buku sikungakuchotse mumzere umenewo. Chimene chingakuchotse ndi chizolowezi chodzuka n'kukafunsa, kukayesa, kukalephera pang'ono n'kuyesanso. Kwa wochita bizinesi yothandiza anthu chizolowezi chimenechi n'chofunika kuwirikiza, chifukwa kawirikawiri amagulitsa chinthu chimene anthu sanachizolowere, kwa anthu amene sangataye ndalama poyesa zachilendo.

Ku Dandora, dera la anthu osauka mu mzinda wa Nairobi, amayi ongoyamba kumene geni anagawidwa: ena m'kalasi, ena anapatsidwa mayi mnzawo wa m'dera lomwelo amene anakhalitsa pa malonda ofanana. A m'kalasi phindu silinasinthe. Aja a mlangizi linakwera ndi 20 pa 100 alionse, makamaka chifukwa mlangiziyo ankadziwa kooda motchipa. Koma atasiya kukumana, phindulo linabwerera pakale. Nzeru ya pamsika imasasa msanga ngati mkaka. Imafuna munthu woibweretsa yatsopano.

Nanga mpamba? Mu 2011 boma la Nigeria linachititsa mpikisano wotchedwa YouWiN!, umene anthu pafupifupi 24,000 analowa. Amene anafika gawo lomaliza onse anaphunzitsidwa masiku ochepa, koma ena mwa opambana anasankhidwa mwa maere n'kupatsidwa pafupifupi madola 50,000 aliyense. Patapita zaka zitatu, olandira ndalamawo ndi amene mabizinesi awo ambiri anali akadali moyo, ndipo amene anali atalemba antchito 10 kapena kuposa anali ochuluka kusiyana ndi kwa osalandira. Nzeru zinali zofanana mbali zonse. Chinasiyanitsa ndi ndalama. Kuphunzitsa munthu kwa miyezi itatu n'kumubweza kwawo chimanjamanja, m'dziko limene banki imafuna chikole cha nyumba, n'kumupatsa khasu lopanda mpini.

Kuno kwathu kunachitikanso kafukufuku wa mabizinesi pafupifupi 3,000 osalembetsa a ku Lilongwe ndi Blantyre. Kuwathandiza kulembetsa ku boma kokha sikunasinthe phindu. Koma amene anathandizidwanso kukumana ndi a banki, kumva za kulekanitsa ndalama ya bizinesi ndi ya pakhomo ndi kutsegula akaunti ya bizinesi, malonda awo anakwera ndi pafupifupi 20 pa 100 alionse, phindu ndi 15. Ndi nzeru yomwe ija ya ku Dominican Republic, itavala malaya ena.

Zimene mabuku akunja sadziwa

Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 alionse, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44. Taganizirani munthu amene anaitanitsa nyale za sola ndi madola, n'kuzikongoza kwa alimi kuti azibweza mu kwacha kwa chaka chathunthu. Alimi onse atha kubweza mokhulupirika, iye n'kupezeka kuti ndalama yonseyo singaodenso ngakhale nyale zofanana ndi zoyambazo. Buku lolembedwa ku Boston, ku America, silimuuza chochita. Silimuuzanso za miyezi ya njala pamene kumudzi kulibe wogula, za mafuta osowa, za namondwe ngati Freddy wa mu Malichi 2023 amene anakokolola makasitomala ndi ngongole zawo zomwe. Maphunziro amene sakhudza zinthu zimenezi akukonzekeretsa munthu kukachita bizinesi m'dziko lina.

Palinso chibale. Ku Cameroon ofufuza anapeza anthu akutenga ngongole ya chiwongoladzanja ku mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama, chonsecho ali ndi ndalama yokwanira m'buku lawo momwemo. Ankatero kuti abale aziwaona ngati ali pa ngongole n'kuleka kuwapempha. Ife tikhoza kumvetsa popanda wotimasulira. Kwa wochita bizinesi yothandiza anthu mtolowu umalemera kawiri, chifukwa mudzi wonse unamva kuti iyeyu ndi wothandiza. Amalume akufuna mbaula yaulere, a mfumu akufuna mwana wawo alembedwe ntchito, pamaliro akuyembekezera kuti thumba la ufa lichokera kwa iye. Sindikugwirizana ndi aphunzitsi amene amangoti chibale ndi mdani wa bizinesi. Chibale chomwecho ndi chimene chidzamunyamule akadzadwala, ndipo mpamba wake woyamba mwina unachokera kwa achemwali ake. Chimene akufunika ndi malire amene angawanene popanda kunyoza: ya bizinesi si yanga, yanga ndi malipiro anga, ndipo pa malipiro angawo ndithandiza. Kuyeserera kunena mawu amenewo pamaso pa anzako m'kalasi, mpaka atuluke osanjenjemera, ndi phunziro lenileni la bizinesi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mmene ndalama za thandizo zikupotozera maphunziro enieniwo. Tinazolowera kuti ku msonkhano kumakhala alawansi, moti ena amabwera chifukwa cha envelopu, okonza n'kuwerenga mitu n'kulemba lipoti. Ndiye kwabwera mipikisano imene wachinyamata amaima mphindi zisanu pamaso pa oweruza kufotokoza ganizo lake m'Chingerezi. Luso lokopa oweruza ndi losiyana ndi luso lokopa mayi wa ku Mitundu kuti atulutse K3,000 pa mpango wake. Alipo achinyamata anzeru amene aphunzira loyambalo bwino kwambiri, akuyenda mpikisano ndi mpikisano, pamene kasitomala wolipira sanamuonepo. Sindikuwada, akutsatira kumene kuli ndalama. Koma amene akuluza ndi mayi woumba mbaula amene amadziwa dongo labwino pongolikhudza, amene ali ndi makasitomala mazana, koma sangalembe fomu ya pa intaneti m'Chingerezi. Imeneyi ndi PlayPump yomwe ija: wolipira ali kwina, wotunga madzi ali kwina.

Chonsecho maziko omangapo alipo kale. Banki m'khonde, imene bungwe la CARE linayambitsa ku Niger mu 1991, yaphunzitsa amayi ambiri a m'midzi mwathu kugula masheya, kuwerengera chiwongoladzanja, kulipiritsa chindapusa mnzawo wochedwa ngakhale ali mnansi, ndi kugawana poyera pakutha pa chaka aliyense akuona. Bokosi la maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, ndi phunziro la kasungidwe ka chuma cha gulu limene makampani ena akuluakulu amalephera. Chichewa chili nawo kale mawu a zonsezi. Wogulitsa mandasi aliyense amadziwa kusiyana kwa mpamba ndi phindu, ndipo amadziwa chimene chimachitikira munthu wodya mpamba. Mphunzitsi woyambira pamenepo, m'chilankhulo chimenecho, wayamba ali patsogolo.

Amene akuganiza zolipira fizi kapena kutaya miyezi yake pa maphunziro otere ali ndi ufulu wofunsa asanalembetse. Afunse ngati aziphunzira pa bizinesi yakeyake, ndi manambala akeake, kapena pa nkhani za makampani a kutsidya kwa nyanja. Afunse ngati aphunzitsiwo anagulitsapo kanthu, ngati adzafika pa malo ake a malonda kalasi ikatha, ndiponso ngati pali khomo la mpamba kumapeto kwake, ndi chiwongoladzanja chake. Kenako apemphe maina a anthu asanu amene anamaliza zaka ziwiri zapitazo. Akapatsidwa, akwere minibasi akawaone kumene amagulitsira, tsiku la msika, ndipo akachezenso ndi amene amagula kwa iwo.